Nkhumbu Si Nkhumba

(Tambala akulira. Tsache likumveka pabwalo. Kuseri kwa mpanda mayi akukuwa: "Mayo ine!" Kenako khanda likuseka.)

ANABANDA: Odi kuseriko! Amake Mada, kwagwanji? Usiku kukuwa, m'mawa kukuwa. Enafe tili ndi BP.

AMAKE MADA: Ndisiyeni anaBanda, ndili pa ululu. Wandilumanso nkhumbu. Kachitatu sabata yomwe ino.

ANABANDA: (chapansipansi) Nkhumba? Kalanga ine, Zilikwanu wandipalamulira. Galu ameneyu usiku sanagone pakhonde. (mokweza) Eee... pepanitu. Koma mwamuona ndi maso anu wolumayo? Pajatu chaka chatha munandinamizira za anapiye, kenako kunapezeka kuti anali kabawi.

AMAKE MADA: Ndilephere bwanji kumuona? Anachita kundiyang'ana m'maso, n'kuluma, atatero n'kuseka.

ANABANDA: Kuseka? Ayi, saseka ameneyo, ndi mmene pakamwa pake palili. Ndipo angalume chiyani, mano ali nawo awiri okha?

AMAKE MADA: Awiri omwewo, am'munsi. Akuthwa ngati lezala.

ANABANDA: (chapansipansi) Am'munsi. Ndi iyeyo ndithu. (mokweza) Nanga pano ili bwanji? Ikudya?

AMAKE MADA: Ikudya? Ikudyedwa! Yatupa, yang'ambika m'mbalimu. Nsalu ikangoikhudza ndimalumpha.

ANABANDA: Mumaifunditsa nsalu?

AMAKE MADA: Nanga ndiziyenda nayo pamtunda anthu akuona?

ANABANDA: Matama! Ife zathu zinkangoyendayenda mudzi wonse, wina wodabwa panalibe.

AMAKE MADA: Zanuzo zinataya manyazi kalekale.

ANABANDA: Musanyoze, zinatithandiza fizi ya ana. Tsono mwaichita chiyani?

AMAKE MADA: Ndaitsuka ndi madzi owiritsa, atazizirako, othira kamchere pang'ono. Kenako ndaiyanika kamphepo kuti iume.

ANABANDA: Mchere! Mwaiyanika! Ndiye kuti yafa? Amake Mada, mwathira mchere usiku mwakachetechete osatigawirako ngakhale nthuli imodzi? Ine amene ndimakubwerekani sefa tsiku ndi tsiku?

AMAKE MADA: Ndikugawireni chiyani kodi? Sinafe, ikungopweteka. Mwayi wake inayo ili bwino, ndiye ndikumayambira kumeneko.

ANABANDA: Inayo? Muli nazo ziwiri? Yachiwiriyo mwagula liti? Ngongole ya banki nkhonde simunamalize kubweza.

AMAKE MADA: Ndinabadwa nazo, mayi inu!

ANABANDA: Bodza! Ndinalipo tsiku limene munafika pamudzi pano. Munali ndi mphasa, mphika umodzi ndi lichero lobooka. Sindinaone chilichonse chili pa chingwe.

AMAKE MADA: Chingwe cha chiyaninso?

ANABANDA: Tamverani, ine sindilipira kalikonse popanda umboni. Tiyeni kwa amfumu mukaionetse.

AMAKE MADA: Ndikaonetse amfumu?

ANABANDA: Pabwalo, nduna zonse zilipo. Aigwire, aitembenuze, awerenge mabala.

AMAKE MADA: Mwazungulira mutu! Bambo a Mada omwe sindikuwalola kuyandikira, ndiye nduna?

ANABANDA: Ndiye mlandu watha. Galu wanga alibe chifukwa.

AMAKE MADA: Galu? Galu walowa bwanji m'bulauzi mwanga?

ANABANDA: Nkhumbayo yalowamo bwanji?

AMAKE MADA: Nkhumbu, anaBanda! Nsonga ya bere! Bu, bu, osati ba! Wandiluma ndi Mada uyu!

(Zii. Patali galu akuuwa kamodzi.)

ANABANDA: Ndimadziwa. Ndimangokuyesani.

AMAKE MADA: Mpaka kupempha nthuli?

ANABANDA: Zisiyeni zimenezo. Nkhani ya mabere mwafika pa mwini wake. Ine ndayamwitsa ana naini. Woyamba nthawi ya Kamuzu, chitsirizira chaka cha njala chija, 2002, ndikudya gaga koma mkaka uli chuchuchu. Mwa onsewo palibe analuma kawiri. Mankhwala ake ali kuseri kwa bafa yangayi: kambuzi. Mungopaka, akalawa kamodzi sadzaiwala mpaka kukwatira.

AMAKE MADA: Kambuzi pa bala? Amene sadzaiwala ndine!

ANABANDA: Apo ayi kambama pa tsaya. Kakang'ono, kaulemu.

AMAKE MADA: Mwana wa miyezi 7 akudziwa chiyani? Anamwino ku sikelo anati mano amayamba kutuluka cha pa miyezi 6, am'munsi kutsogoloku, ndiye nkhama zimamuyabwa. Chilichonse chofika pakamwa amafuna akandirepo.

ANABANDA: Anamwino ake ati? Kamtsikana kaja kamayenda ndi foni m'manja? Kanayamwitsapo ndani?

AMAKE MADA: Ali ndi ana atatu. Ndipo anandiuza chinthu chimene inu ndi ana anu naini simunachione. Mwana akamayamwa zenizeni sangalume, chifukwa lilime limakhala litaphimba mano am'munsi. Atati alume, adziluma yekha.

ANABANDA: Ndiye wakulumani ndani? Mzimu?

AMAKE MADA: Amaluma akakhuta, akayamba kusinza, mphuno zikatsekeka ndi chimfine, kapena akacheukira phokoso. Dzulo madzulo ankayamwa bwinobwino, kenako wina kuseri kwa mpanda anakuwa kuti "Zilikwanu, choka pa ndiwo!" Mwana anatembenuka mutu wonse, nkhumbu ili m'kamwa.

ANABANDA: Ndiye mlandu wabwereranso kwa galu wanga.

AMAKE MADA: Kwa pakamwa panu. Ndipo dzina limenelo mudzi wonse ukudziwa kuti munatchulira ine.

ANABANDA: Dzina ndi dzina. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tsono anamwino anuwo akuti muzingopirira mwana akukutafunani ngati mzimbe?

AMAKE MADA: Akuti ndizimuyang'ana. Akasiya kumeza, chibwano n'kuyamba kulimba, ndimuchotse asanalume. Akaluma, osakoka, pokokapo ndi pamene pamang'ambika. Ndilowetse kachala kakang'ono, kosamba, m'mbali mwa kamwa pakati pa nkhama, amasiya yekha. Kapena kumukokera kufupi, mphuno ikakhudza bere amayasamula kuti apume. Ndikatero ndimuuze kuti "ayi", ndimukhazike pansi kanthawi.

ANABANDA: Nanga kukuwa kuja kuli pa tsamba liti la buku la sikelo?

AMAKE MADA: Kumeneko ndimaiwala. Anatidi osakuwa. Ena amachita mantha n'kukana bere masiku angapo, ena amayesa masewera.

ANABANDA: Wanuyu wayesa sewero la pawailesi. Akangodina, mayi ake alira. Ine ndikanakhala iye sindikanasiyanso. Musiyitseni basi, wakula. Munthu wa mano adye nsima.

AMAKE MADA: Phala anayamba kale atakwana miyezi 6, la mgaiwa lothira nsinjiro. Koma bere ndi mpaka zaka 2, ngakhale kupitirira. Inuyo chitsirizira wanu uja si ankabwera kuchokera kokawedza n'kudzayamwa?

ANABANDA: Inali njala imene ija, musamunene. Pano ndi kondakitala wa minibasi. Koma magaziwo? Mwana azimwa magazi? Mukulera udzudzu?

AMAKE MADA: Timagazi pang'ono sitimupweteka. Koma anatichenjeza tonse pa benchi paja kuti kwa mayi amene ali ndi kachilombo ka HIV nkhani ndi ina. Bala la pa bere ndi khomo la kachilomboko kupita kwa mwana. Ameneyo asadikire mawa, apite kuchipatala. Aziyamwitsa bere labwinolo, lovulalalo azingofinya mkaka n'kutaya mpaka lipole, ma ARV osadumphitsa.

ANABANDA: Hmm. Zimenezo ndiye m'nthawi yathu sitinkazimva. Kamtsikana ka foni kaja apo kalankhulako.

AMAKE MADA: Ineyo ndikangomaliza kuyamwitsa ndimafinya kadontho ka mkaka n'kupaka pa balapo, n'kusiya paume. Ndasinthanso kagwiridwe. Pano ndikumupanira m'khwapa, miyendo kumbuyo, kuti mano asagwere pomwe paja.

ANABANDA: Ngati nkhuku yopita nayo kumsika.

AMAKE MADA: Zikavuta kwambiri ndimakamira m'kapu yoyera, n'kumumwetsa ndi kapuyo.

ANABANDA: Kukama! Ine ndimati nkhumba, kani ndi ng'ombe. Mundisungireko wa tiyi.

AMAKE MADA: Mwayamba nthuli, pano mkaka. Inu ndi Zilikwanu kusiyana kwake ndi mchira.

ANABANDA: Bwanji osangolisiya berelo lipume sabata imodzi? Khasu likaguluka sulimira.

AMAKE MADA: Bere si khasu. Mukalisiya lodzaza limalimba ngati mwala, n'kutupa. Likafiira, likatentha, pakatuluka mafinya, kapena ine ndikayamba kuphwanya m'thupi ngati malungo, pamenepo ndi kuchipatala, osati kuseri kwa bafa yanu. Za ululu panado ndikumwa, anati salepheretsa kuyamwitsa.

ANABANDA: Ndiye mwanayo nkhama zakezo zizingoyabwa?

AMAKE MADA: Ndimamupatsa kansalu koyera koviika m'madzi akumwa a mumtsuko, ozizira aja, atafune asanayambe kuyamwa.

ANABANDA: Kansalu! Ife tinkangowatikita nkhama ndi chala. Chala ichi, chimene mukuchionachi, chalera mudzi. Tabwera naye kuno. Mudutsireni pa mpandapa.

AMAKE MADA: Mwasamba m'manja? Mwangochoka kosesa.

ANABANDA: Thirani madziwo, sopo yemweyo. Anthu a sikelo inu mumavuta. (Madzi akukhavukira pansi.) Eya. Bwera kwa agogo, Mada. Taonani wandisekerera, akudziwa katswiri. Tiye tione timano timene tikuliza munthu wamkulu ndi chitenje chake. Timeneti? Tingati njere za mpunga? Amake Mada, ndinu wamantha basi. Ine ng'ona yeniyeni ndinaionapo ku Liwonde, iyi ndi... Mayooo! Chala changa! Siya! Siya iwe!

AMAKE MADA: Osakoka, anaBanda! Osakuwa!

ANABANDA: Ndisakuwe bwanji akundidula? Lowetsani kachala kanu kaja! M'mbali! Fulumirani!

(Khanda likuseka kwambiri. Galu akuuwa.)

AMAKE MADA: Wasiya. Tsono muuzeni "ayi" mofatsa.

ANABANDA: Ayi wa chiyani, uyu ndi wa kwa amfumu! Taonani mabowo awiri. Zilikwanu zaka khumi sanandichitepo zotere.

AMAKE MADA: Khalani pa mpandopo. Ndikuthireni madzi a mchere, kapena ndikathyole kambuzi kuseri kwa bafa?

ANABANDA: Mchere. Wochepa.