Tiyeni Tichiombere M'manja Chilungulira

Pa zovuta zonse za m'thupi, palibe chimene chimanyozedwa mopanda chilungamo ngati chilungulira. Anthu amachitukwana pakati pa usiku atakhala tsonga, dzanja lili pachifuwa, madzi owawasa akukwera kukhosi, koma kukacha palibe wochithokoza. Chonsecho ndi mlangizi amene amanena zoona tsiku lomwelo. Kuthamanga kwa magazi kumakhala duu kwa zaka mpaka kugwetsa munthu ndi sitiroko, shuga nayenso amadya munthu mwakachetechete. Chilungulira sichisunga mlandu. Ukadya kanyenya wonona ndi tchipisi chosambira m'mafuta, n'kuthira kambuzi, n'kutsitsira mowa, kenako n'kukagona mimba ili tho, chigamulo chimafika tambala woyamba asanalire.

Ndipo sichiweruza mongoganizira. M'chifu mumakhala asidi wa hydrochloric, waukali zedi, amene pH yake imakhala pakati pa 1.5 ndi 3.5. Chifu chili ndi chikuto choterera chochiteteza, pomwe m'mero mulibe chitetezo chotero. Pamene m'mero umakumana ndi chifu pali kamnofu kozungulira kamene kamatseguka chakudya chikamatsika n'kutsekanso. Mafuta, mowa, fodya ndi khofi zimakafooketsa kamnofuka, chimimba chachikulu ndi lamba wothina zimakakankha kuchokera pansi, ndipo munthu akagona asidi sasowanso kukwera chitunda. Ndiye chilungulira chalakwa chiyani? Changonena zimene mwini thupi wachita. Sichiona nkhope. Chimagwira mlimi amene wakhuta mbatata yootcha, koma chimalimbikira kwambiri kwa bwana amene batani la malaya ake likulira pamchombo, chinthu chimene alangizi ambiri kuno sangayerekeze.

Ena anena kuti chimazunzanso osalakwa, monga amayi oyembekezera. N'zoona. Mahomoni a pathupi amafewetsa kamnofu kaja ndipo mwana akamakula amakankha chifu. Koma pamenepanso malangizo ake ndi abwino, akuti mayi azidya pang'onopang'ono kangapo patsiku, ndipo nthawi zambiri akangobereka chimatsanzika chokha.

Ena amati mlangizi ameneyu amalandira ziphuphu. Amatchula phulusa lonyambita, soda wa therere wosungunula m'madzi, kapu ya mkaka, mapiritsi otafuna a magnesium trisilicate. Zonsezi zimangochigoneka kwa kanthawi. Soda amadzaza mimba ndi mpweya komanso ali ndi sodium wambiri, amene sayanjana ndi BP, ndipo mkaka wamafuta umaziziritsa kaye kenako moto n'kuyakanso. Chimene chimachitsekadi pakamwa ndi omeprazole, amene anayamba kugulitsidwa ku Ulaya mu 1988. Iyeyu amachepetsa asidi amene chifu chimapanga, ndipo amagwira bwino akamwedwa m'mawa munthu asanadye. Ndi mankhwala abwino, sitikana. Koma taonani kutchipa kwa zimene chilungulira chimapempha chokha: kudya mgonero maola 3 usanagone, kuika njerwa pansi pa miyendo ya bedi yakumutu kuti ikwere masentimita 15 mpaka 20 (kuunjika mapilo kumangopinda munthu pamimba), kugonera kumanzere, kuchepetsa thupi, kusiya fodya, ndi kusamwa Brufen kapena aspirin mwachisawawa. Ndi dokotala uti amene angakupatse zonsezi pa 2 koloko usiku osakuimitsa pamzere?

Mlandu waukulu ndi wakuti chimavulaza. Asidi akamawaula m'mero kwa zaka, pamachita zilonda, njira imatha kuchepa, ndipo mwa ena khungu la m'katimo limasintha, vuto lotchedwa ndi dzina la Norman Barrett, dokotala wa ku London amene analemba za ilo mu 1950. Kwa ochepa limasanduka khansa. Komatu zaka zonsezo chilungulira chinali chikukuwa, mwini wake akutafuna mapiritsi. Chikamabwera kawiri kapena kuposa pa sabata, chikutanthauza kuti pita kuchipatala. Nsima ikayamba kukakamira pachifuwa, thupi likamatha popanda chifukwa, ukasanza magazi kapena chimbudzi chikada bii, nkhani yafika pena. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo ngakhale mtundu wofala kuno suyamba ndi asidi, chizindikiro chake chachikulu ndi kuvutika kumeza komweko.

Palinso wina amene amabera dzina lake. Mtima ukamalephera kulandira magazi, ululu wake umatha kumveka ngati chilungulira, ndipo ena amamwa soda n'kukagona. Koma chilungulira chenicheni nthawi zambiri sichitsikira kumkono wakumanzere kapena kukwera kunsagwada chili ndi thukuta lozizira ndi phuma. Zikatero musachinamizire, funani galimoto yopita kuchipatala nthawi yomweyo.