Mafunso a Munthu wa ku Mchinji pa Sitima ya Ilala

Ife a ku Mchinji ulendo timaudziwa wa pamtunda: minibasi ya ku Lilongwe, kabaza, kapena kudutsa pa Mwami kukagula zinthu ku Chipata. Tsiku limene ndidakwera Ilala ku Monkey Bay, Lachisanu m'mawa, mafunso adayamba ndisadaponde n'komwe pa sitimayo.

Chitsulo cholemera chonchi chimayandama bwanji? Kwathu khasu likagwera m'chitsime limamira pomwepo. Ndidafunsa bambo wina wogwira ntchito m'sitimamo, ndipo adandiyankha moleza mtima kuti chinsinsi chili pa kaumbidwe kake. Mimba ya sitima ndi yotakata, mkati muli mphako, choncho imangolowa m'madzi mpaka madzi amene yawakankhira pambali alemere mofanana ndi iyo. Ndidamva, koma mtima udafunsanso: nanga matumba onsewa akulowabe, amadziwa bwanji kuti apa ndiye pakwana? Adandilozera chizindikiro cha m'mbali mwa sitima chimene madzi sayenera kuchimiza.

Nanga dziko lopanda nyanja yamchere, sitima yotere idafika bwanji? Idapangidwa m'chaka cha 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow, ku Scotland. Idabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, adailumikiza kuno kunyanja, ndipo idayamba kunyamula anthu mu 1951. Dzina lake ndi la dera la Ilala ku Zambia, kumene David Livingstone adamwalirira mu 1873. Idaliponso ina ya dzina lomweli imene amishoni adabwera nayo mu 1875, ndipo pa mathithi a mtsinje wa Shire anthu akuda mazanamazana adaisenza pamutu chidutswa ndi chidutswa. Mayina a amishoniwo tidawaphunzira kusukulu. Kodi a osenza aja adawalemba ndani? Adzukulu awo akudziwa kuti agogo awo ndiwo adafikitsa sitima yoyamba ya nthunzi pa nyanjayi?

Nditalowa, funso lidali la pokhala. Pamwamba penipeni pali bwalo la mphepo yabwino ndi bala, pomwe alendo odzaona dziko amayala matiresi n'kumajambula mapiri. Pali zipinda zochepa za mabedi, zodula. Kenaka pansi, kumene kuli ambirife: mabenchi, matumba a chimanga ndi simenti, malata, makatoni a sopo, nkhuku zomanga miyendo, ana kumbuyo. Aliyense akuthamangira kakona koyalapo chitenje, chikwama n'kuchisandutsa pilo. Sitima ndi imodzi, madzi ndi amodzi, tonse tifika ola limodzi. Zimatheka bwanji kuti wapamwamba ali patchuthi, wapansi ali pa msewu wa kuchipatala ndi kumsika?

Mayi wina amene adandisunthira kuti ndikhale amapita ku Likoma. Ndidati, "Amayi, kodi madziwa simuwaopa?" Adandiuza kuti mantha alipo, koma pachilumba minda ndi yochepa, nthaka ndi ya mchenga ndi miyala, ndipo ufa, shuga ndi mankhwala ambiri zimachokera kumtunda. Sitima ikalephera kubwera, mitengo ya zinthu imakwera. Ine kwathu chimanga chili m'nkhokwe kuseri kwa nyumba. Sindidaganizepo kuti kuli Amalawi anzanga amene nsima yawo imadikira kulira kwa hutala ya sitima.

Ulendo wake ndi wautali: Nkhotakota, Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya, Ruarwe, mpaka Chilumba, kenaka kubwerera, sabata n'kutha. M'malo ena monga Usisya ndi Ruarwe sitima siyandikira gombe. Imaima patali, amatsitsa maboti ang'onoang'ono, ndipo anthu ndi katundu amatsikiramo, mwina usiku, mafunde akugwedeza. Nkhalamba amaitsitsa bwanji? Mayi wapakati nanga? Kuchokera 1951 mpaka lero, n'chiyani chidavuta kuti malo oterewa akhale ndi jeti?

Ndisadakhazikike ndidafunafuna pomwe pali majaketi oyandamitsa munthu. Ndidaamva za Vipya, sitima imene idamira mu 1946 kumpoto kwa nyanjayi kutachita mphepo yamkuntho, anthu 145 n'kutsikira kuli chete. Nyanjayi malo ena ndi yakuya mamita pafupifupi 700, ndipo mwera ukayamba, makamaka miyezi yozizira, suona nkhope. Bwanji tonsefe timayamba kufunsa kogula nsima ndi tiyi tisadafunse kovalira jaketi? Mwana wa ku Mchinji, wa ku Dowa kapena wa ku Mzimba amene sadasambirepo, adamuphunzitsa ndani kamangidwe kake?

Injini zitayamba kunjenjemeretsa pansi, zingwe atamasula, ndidazindikira kuti ndakwera sitima yoposa zaka 70, yaikulu kuposa makolo anga. Anthu amaikonda, ndipo ndi zomveka: yanyamula ophunzira, akwati, odwala ndi maliro a mibadwo itatu. Koma chokalamba chimafuna kupuma. Ilala ikapita kokakonzedwa, zilipo zina zocheperapo monga Chilembwe, koma katundu yense uja angakwanemo? Tsiku limene idzaime osadzukanso, yolowa m'malo mwake tikuikonza kuti?

Funso lomaliza ndi la kwathu. Njanji yochokera ku Mchinji imadutsa ku Lilongwe ndi ku Salima mpaka pa doko la Chipoka. Ife timalima chimanga, mtedza ndi soya, nthawi zambiri n'kugulitsa motchipa kwa mavenda pakhomo. A ku Likoma ndi Chizumulu amagula chakudya chomwecho modula. Njanji ilipo, doko lilipo, nyanja ilipo. Chikutiletsa n'chiyani kuti thumba la mlimi wa ku Mkanda likafike kwa msodzi wa ku Chizumulu pa mtengo umene onse awiri angakondwe nawo?