Mapanga Awiri pa Mamita 60

Amene ananena kuti mapanga awiri avumbwitsa ankaganiza za munthu amene mvula yamupeza kuphiri, n'kumathamangira uku ndi uku mpaka kunyowa. Ameneyo zake zinali bwino, ankangoyanika malaya. Woyendetsa glider, ndege yopanda injini, akazengereza chomuyembekeza ndi nthaka.

Ndegeyi imanyamuka mochita kukokedwa ngati galimoto yofera panjira. Kutsogolo kumakhala ndege ya injini, kawirikawiri Piper Pawnee, imene anaipangira kupopera mankhwala m'minda. Pakati pamakhala chingwe cha mamita pafupifupi 60. Malamulo a ku America salola kuti chingwecho, kapena kolumikizira kake, chilimbe kuposa kulemera kwa glider kawiri. Ndiye kuti kuduka ndi mbali ya ntchito yake.

Chikangoti phwii, mapanga aja aoneka: munda kutsogolo, bwalo la ndege kumbuyo. Mtima wa woyendetsa umakokera kubwalo, kumene kuli anzake ndi tiyi amene anamusiya asanamalize. Koma aphunzitsi a ku America amati asanakwere mamita 60, omwe ndi mafiti 200, atere kutsogolo komweko, ngakhale mutakhala m'tirigu wa eni. Woyamba kukhota, n'kusintha maganizo, n'kukhotanso, liwiro limamuthera, phiko limodzi n'kugwa, ndege n'kuloza mphuno pansi. N'chifukwa chake wophunzira akafika pa 200 amafuula yekha, kudziuza kuti phanga lachiwiri latseguka.

Wokoka uja amalankhula ndi thupi la ndege yake. Akapendeketsa mapiko uku ndi uku, akuti masula chingwe pompano. Akagwedeza chiwongolero cha kumchira, akuti yang'ana ndege yako, mwina mabuleki a pamapiko atseguka. Alipo amene amasokoneza ziwirizi. Amakoka chogwirira chachikasu chomasulira chingwe, n'kutsala okha pamwamba pa mitengo, mabuleki ali chitsegukire, wokokayo akudabwa kuti walakwa chiyani.

M'makalabu a British Gliding Association nkhaniyi amathana nayo ndege idakali pansi. Asananyamuke, woyendetsa amatchula mokweza chomwe achite chingwe chikaduka pansipansi, ndi mbali imene akhotere chikaduka atakwera.

Wotera m'munda anzake amamutsatira ndi ngolo, n'kuzula mapiko, n'kupakira. Kumakalabu ambiri, zakumwa za madzulo amenewo amagula ndi iyeyo.