Ndinafufuta, koma zinaphukanso ngati tiyi

Ine ndine kalaliki wa pasikelo pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Zaka zonsezi ndakhala ndikuona tiyi akuduliridwa mpaka kutsala zitsa, mvula n'kugwa, iye n'kuphukanso. Koma sindinatolepo phunziro.

Mwezi watha ndinagulitsa laputopu yanga kwa alamu anga a ku Bvumbwe. Munali kafayilo kena, mutu wake "Za ovataimu zimene mayi sakuzidziwa". Ndinakafufuta, m'bini ndinakhuthula, ndipo ndinagona tulo tofa nato.

Patangopita masiku atatu, mwana wa alamuwo, wa Fomu 3, anaikamo kapulogalamu kotchedwa Recuva. Kafayilo kaja kanadzuka ngati Lazaro, ndipo kanafika kwa azakhali ake dzuwa lisanalowe.

"Abambo, khalani pansi tiwerengerane," anatero mayi akunyumba. Mawu ake ozizira ngati chiperoni.

Mlandu utatha, ndinamukokera mnyamatayo kuseri kwa nyumba.

"Iwe, ufiti umenewu unauphunzira kuti?"

"Si ufiti, ankolo. Kapitawo akafufuta dzina la munthu m'kaundula, ndiye kuti munthuyo watuluka m'nyumba ya kampani? Amakhalamobe mpaka wina adzalowemo. Kompyuta nayo imangochotsa dzina n'kunena kuti malo alipo. Fayiloyo imakhala ili phee, kudikira kuti china chilembedwe pamwamba pake."

Akuti mankhwala ake anali momwemo mu Windows, aulere. Umatsegula Command Prompt n'kulemba cipher /w:C basi. Imayenda pamalo onse opanda kanthu katatu: koyamba kulemba maziro, kachiwiri 255, kachitatu manambala achisawawa. Mafayilo amene sunafufute siwakhudza. Uku ndiye kuzula chitsa ndi mizu yomwe. Anawonjezanso zina za ma SSD, kuti iwo ali ndi kachitidwe kawo, koma apo mutu unali utayamba kale kuwawa.

Ndinabwereka laputopu ija usiku womwewo. Ndinaichezera ngati pamaliro, magetsi anazima pakati, ndinayambiranso. Tambala akulira, malo onse anali mbee. Recuva anafufuza, anabwerako chimanjamanja.

Ndinalowa kukhitchini ndikuimba mluzu.

"Mayi, umboni uja watha."

Iwo osayankha. Anangomasula mfundo ya pakona pa chitenje, pamene amamangapo ndalama ya kuchigayo, n'kundionetsa kafulashi kofiira.

"Madzi a tiyi aphwa, abambo. Shuga mugula ndi za ovataimu."