Za Kusisita Lumo pa Chikopa ndi Tsoka la Mwamuna Wamanja Olemera

Lumo lopinda, lomwe ndi mpeni wometera ndevu umene mbali yake yakuthwa imabisala m'chigwiriro, linatchuka chifukwa cha amisiri a ku Sheffield, Solingen ndi Thiers, ndipo linalamulira masaya a amuna mpaka pamene King C. Gillette analandira chiphaso cha umwini wa lezala yake yotaya mu 1904. Komabe alipo amuna ena, kuphatikizapo mlembi wa danga lino, amene amakhulupirira kuti kugula lumo limodzi lokhala moyo wonse ndi nzeru yosungira ndalama.

Chimene ogulitsa satchula msanga n'chakuti lumo lotere limafuna kusisitidwa pa chikopa nthawi iliyonse lisanakhudze ndevu. Kusisita n'kosiyana ndi kunola, pakuti mwala wonolera umadya chitsulo, pamene chikopa chimangowongola mbali yakuthwa ija, imene imapindika pang'ono, mosaoneka ndi maso, ikalimbana ndi ndevu. Lamba wosisitirapo, amene kawirikawiri amakhala ndi nsalu yokhakhala mbali imodzi ndi chikopa mbali inayo, amakoledwa pa msomali n'kukokedwa kuti akungike, chifukwa akakhwepa amabunthitsa lumo lomwe anayenera kulithandiza.

Malamulo ake ndi atatu: msana wa lumo, ndiko kuti mbali yochindikala, uzitsogola, yakuthwa izitsatira, zonse zitagona pa chikopa; pofika kumapeto lumo litembenuzidwire pa msana wake; ndipo dzanja lisalemere konse. Lamulo lachitatuli ndi limene limagwetsa mlembiyu, amene analeredwa m'chiphunzitso chakuti chinthu chikavuta chimafuna mphamvu, monga wayilesi imene imayambanso kulankhula ikalandira khofi. Motero iye amakanikiza lumo ndi phewa lonse, ndipo akafulumira amalitembenuzira ku mbali yakuthwa, chikopa n'kutemeka.

Umboni wa zimenezi uli m'nyumba mwake momwe. Chikopa chogula chinatha ndi mabala, lamba wopitira kutchalitchi amene analowa m'malo mwake anafupika kotero kuti sakumananso pamimba, ndipo masaya a mwini wake akhala akuonekera pagulu atamatidwa tizidutswa ta thonje, zomwe anansi ena anazitenga ngati matenda, ena ngati nkhani ya m'banja. Mayi akunyumba, amene sanawerengepo buku lililonse la zometa, anawerengetsera kuti ndalama za zikopa, thonje ndi mankhwala a mabala zikanagula malezala ometa amuna a mpingo wonse.

Pakadali pano mlembiyu amasisita lumo lake m'mawa uliwonse mwaulemu wonse, amalipukuta kuti lisachite dzimbiri, amalibwezera m'kabati, kenako n'kupita kwa wometa wa pamsika kukameta ndi mashini. Mfundo ya akatswiri yakuti lumo lopinda limakhala moyo wonse yatsimikizika motero, ndipo pali chiyembekezo chakuti lidzafika kwa zidzukulu likadali latsopano.