Ulemu kwa Mlezi wa Mawotchi

Pali anthu ena amene amanyoza kabokosi kotchedwa watch winder, ati n'kongodyera anthu ndalama. Amenewo ndi ansanje, sanaonepo mavuto a munthu wolemera.

Mu 1923 John Harwood, mmisiri wa ku Britain, anapanga wotchi yapamkono yosafuna kuipukusa ndi zala. Mu 1931 a Rolex anaikamo kachitsulo kolemerera mbali imodzi, kotha kuzungulira kotheratu. Mukamayenda kapena kupatsa anthu moni wapamanja, kachitsuloko kamazungulira n'kumakunga sipuling'i. Batire palibe. Koma akatswiriwa anaiwala bwana amene ali ndi mawotchi asanu ndi imodzi, chonsecho mikono anabadwa nayo iwiri. Wotchi yotere mukaisiya pathebulo, nthawi zambiri imaima pakatha maola pafupifupi 40. Nanga bwana alembe ganyu munthu woti azingogwedeza mkono usiku wonse?

Apa ndiye pamene kabokosi kathu kamaonetsa ukulu wake. Mumaveka wotchi pakapilo kofewa, n'kutseka kachitseko kagalasi. Kainjini kamayamba kuitembenuza mwaulemu, kumanja pang'ono, kupumira, kenako kumanzere, mpaka kukwanitsa maulendo 650 kapena 800 patsiku, ngati mlezi woguguza mwana wa eni ake mosadandaula. Wotchi nayo, poti ilibe maso, imangoti ili pamkono wa bwana wakhama woyenda mtunda, pamene bwanayo ali chigonere akuliza mkonono.

Ndipo taonani nzeru zake. Wotchi munaigula modula chifukwa sifuna batire, lero ikuyenda chifukwa cha waya wolowa pasoketi.

Otsutsa amati wotchi ikaima, kuipukusa ndi zala n'kuitcheranso nthawi sikutha ndi mphindi ziwiri zomwe. Zoona, koma zala za bwana n'zosainira macheke. Amatinso timagiya toyenda usana ndi usiku timaperepeseka msanga. Tsono okonza mawotchi a ku Geneva ana awo azidya chiyani?

Ntchito yeniyeni iliponso, tisanamizane. Mawotchi ena, monga a Patek Philippe okhala ndi kalendala yosasochera, amadziwa okha mwezi wa masiku 30, wa 31, ngakhale February wa masiku 29, mpaka chaka cha 2100. Yotereyi ikaima, kuibwezera m'chimake kumafuna buku lake, kachitsulo kobayira timabatani ta m'mbali, ndi mtima wodekha. Eni mawotchi amenewa ndi owerengeka kwambiri. Enafe tingayambe ndi kugula bokosi, wotchiyo idzatipeza.

Amene ndimawamvera chisoni ndi ovala Casio F-91W, kawotchi kapulasitiki kamene kanatuluka mu 1989. Batire lake limatha zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri, nthawi kamasunga molondola kuposa mawotchi a bwana onse aja, ndipo mwini wake alibe chifukwa chilichonse chogulira kabokosi kokongola chonchi.