Mfuti yofunsa kaye kuti "Ndinu yani?"

Ku America mfuti n'zambiri kuposa anthu, moti ana ena amatola ya bambo awo pansi pa pilo n'kudzivulaza nayo. Akatswiri ataona zimenezi anati tipange mfuti yodziwa mwini wake ngati galu wapakhomo. Nzeru yabwino ndithu. Koma tamvani.

Kampani ya ku Germany yotchedwa Armatix inatulutsa mfuti ya iP1, yomwe siilira pokhapokha woigwirayo atavala wotchi yake yapadera. Mfuti ndi wotchiyo pamodzi, mtengo wake unali pafupifupi madola 1,800. Tangoganizani: mbava yathyola chitseko pakati pa usiku, inu mfuti ili m'manja, koma muli kalikiliki kufuula, "Mayi a mwana, wotchi ija munaiika pati?" Mbavayo, ngati ili yaulemu, mwina ikuthandizani kufufuza.

Mu 2017, pa msonkhano wa akatswiri othyola makompyuta wa DEF CON ku Las Vegas, mkulu wina wodzitcha Plore anaonetsa kuti wotchiyo n'njosafunika. Anagunditsa pamfutiyo maginito a madola 15 okha, iyo n'kulira phaa! Sanalekere pomwepo. Anapanganso kachipangizo kosokoneza kulankhulana kwa wotchi ndi mfuti, kotero kuti mwini weniweni, wotchi ili pamkono, mfuti n'kumukana. Galu wake ndi ameneyo: mlendo akumugwedezera mchira, mbuyake akumuuwa.

Andale nawo anathira tsabola. Mu 2002, chigawo cha New Jersey chinakhazikitsa lamulo loti mfuti yotere ikangoyamba kugulitsidwa kulikonse m'dzikomo, pakatha zaka zitatu mfuti zam'manja zogulitsidwa m'masitolo a m'chigawocho zizikhala zokhazo basi. Okonda mfuti anapsa mtima. Mu 2014 mwini sitolo ina ku Rockville, ku Maryland, atalengeza kuti ayamba kugulitsa iP1, anthu anamuopseza kuti amupha, iye n'kubwerera m'mbuyo. Munthu wogona pa mulu wa mfuti kuopa makasitomala ake omwe! Lamulo lofuna kufalitsa mfutizi ndi lomwe linazitsekereza, mpaka analisintha mu 2019.

Pano kwabwera kampani ya Biofire ya ku Colorado. Mwini wake, Kai Kloepfer, anayamba ntchitoyi ali mnyamata wapasukulu, anthu ataphedwa m'nyumba yoonetsera kanema ku Aurora mu 2012. Mfuti yake imawerenga chala kapena nkhope. Otsutsa akuti nanga batire ikatha? Nanga chala chikakhala ndi thukuta? Amene foni yake inamukanapo atangosamba m'manja pomaliza nsima akudziwa chomwe akunena.

Mu 2023, poionetsa kwa atolankhani a Reuters, mfutiyo inakana kulira kawiri. Kloepfer anafotokoza kuti mbali yozindikira munthu inagwira bwinobwino, vuto linali m'zitsulo. Ndiye kuti bwana wake inamudziwa ndithu, kungoti tsikulo sinadzuke ndi mtima wa ntchito.